Pamaliro Sathamangitsa Munthu

Inu mumati ku Mangalande n'kwa magetsi okhaokha, mizimu ilibe pobisala. Bodza limenelo. Senderani kuno mumve za Nasoko, mayi wa ku Ntcheu amene anaferedwa mwamuna m'kamudzi kotchedwa Sallowby, ndipo mukamva musadzandiuzenso za magetsi.

Sallowby ndi kamudzi kakang'ono, ka minda ya tirigu, ng'ombe zamkaka ndi matope. Msewu ndi umodzi, tchalitchi chimodzi chakalekale, sitolo inatsekedwa anthu n'kuiwalako. Koma kuchepa konseko kali ndi malire ake ndi khonsolo yakeyake. Eni ake amati parishi, koma musaganize za ansembe ayi. Ndi dera chabe, ndipo khonsolo yake ndi anthu a m'mudzi momwemo amene amakumana mu holo kukangana za tinjira ta m'minda, mabenchi ndi manda. Nkhani yathu ili pa mandapo.

A Gama, mwamuna wa Nasoko, anakama ng'ombe pa famu ya kumeneko zaka zochuluka mpaka miyendo inawakana. Nasoko ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu a m'mudzimo. Mwana anabereka mmodzi yekha, Tinyade, amene anamwalira asanayambe n'komwe sukulu, ndipo anamuika m'manda a Sallowby, chapakati pa mzere wa kumpanda. N'chifukwa chake a Gama sankafuna kumva zobwerera kumudzi.

"Ndikadzafa mudzandigoneke pambali pa mwana wanga," ankatero. "Wagona yekha pakati pa alendo nthawi yaitali."

"Nanga ine?" Nasoko ankafunsa.

"Inu mbali inayo. Timuike pakati ngati kale."

Nyumba yawo inali yomalizira, kumapeto kwa kanjira ka matope, ndipo inali ndi chilema chimodzi: malire a parishi ankadutsa m'kati mwake. Pabalaza, masitepe, chipinda cham'mwamba ndi khomo lakumaso zinali mu Sallowby. Khitchini, kachipinda kapansi ndi khomo lakuseri zinali kunja. Pansi, pakhomo lochokera pabalaza kulowa kukhitchini, panali mwala wakuda wosalala umene omanga nyumbayo anaupeza pomwepo n'kuusiya. Kuseri kwa nyumba kunali dambo la minga limene palibe ankalima kapena kudyetsamo ng'ombe.

Anthu a kumeneko ali ndi mwambo wawo. Chaka chilichonse mwezi wa Meyi amadula ndodo za msondodzi, kuzisenda makungwa mpaka ziyere mbee, n'kuzungulira malire onse a parishi akukwapula mwala uliwonse. Ati kuti malire asaiwalike. Akafika kwa a Gama ankalowa ndi nsapato zawo zamatope, kukwapula mwala uja, kumwa tiyi, n'kumapita. A Gama ankangoseka. Koma Nasoko zinkamunyansa, chifukwa ndodo zoyerazo zinkamukumbutsa bango limene adzukulu kwathu amayezera mtembo asanakumbe manda.

Chaka chimene tikunenachi, Meyi anapeza a Gama ali gone m'kachipinda kapansi, masitepe atawakanika, akupumira m'mwamba. Nasoko atatsegula chitseko n'kuona khamu la anthu litanyamula ndodo zoyera, m'nyumba muli wodwala, magazi ake anawira.

"Muno lero simulowa."

Kutsogolo kunali Garbutt, wapampando wa khonsolo, bambo wamtali wa imvi amene sanazolowere kukanizidwa. "Mai Gama, ndi mwambo chabe. Sitichedwa."

"Mwabwera kudzamuyeza munthu asanafe? Chokani pakhomo panga."

Garbutt sanamve tanthauzo la kuyezako, koma anamva kuti wathamangitsidwa pamaso pa anthu, ndipo anafiira mpaka m'makutu. Gululo linalambalala kudzera m'munda wa tirigu. Amene anatsalira pang'ono ndi Dennis Mawer, mnzawo wa a Gama wa kukhola, munthu wamantha amene ankayankhula akuyang'ana nsapato zake.

"Mukanawalola," anatero. "Mpanda ukakhala ndi chibowo…"

Sanamalize. Anathamangira anzake, ndipo mwala wa m'nyumbamo sunakwapulidwe chaka chimenecho.

A Gama anatsirizika mu Disembala, nyengo imene kumeneko dzuwa limatuluka mochedwa n'kulowa anthu asanaweruke. Mtembo anautenga a kampani yoona za maliro n'kukausunga mu firiji m'tauni, kudikira kuti Nasoko anene kokauika. Iye anamanga duku lakuda n'kupita ku holo.

Anawapeza a khonsolo atakhala patebulo lalitali, majasi ali m'thupi. Garbutt anayamba ndi kupepesa, ndipo anapepesa nthawi yaitali moti Nasoko anadziwa kuti kutsogoloku kuli minga.

"Mai Gama, manda athu atsala pang'ono kudzaza. Malo otsala ali mu mzere wa kumpanda uja basi. Khonsolo inagwirizana kuti malo amenewo ndi a anthu a mu parishi muno okha."

"Ndiye ife ndife a kuti?"

"Nyumba yanu ili pawiri. Zikatero, lamulo lathu lakale limati munthu ndi wa kumene kuli bedi lake. Bedi la amuna anu linali kuseri kwa mwala."

"Bedi tinalitsitsa chifukwa munthu sankatha kukwera masitepe."

"Tikumvetsa. Koma linali kuseri kwa mwala." Anakonza magalasi ake. "Komanso chaka chino nyumba yanu sinazunguliridwe. Munakana nokha."

Apo ndi pamene panagona nkhani. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kusunga chakukhosi kuyambira Meyi mpaka Disembala n'kudzachitulutsira pamtembo. Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, ndipo sindibisa.

"Manda aliponso m'tauni," anapitiriza Garbutt. "Kapena mukawawotcha, phulusa lingalowe m'manda a mwana wanu. Phulusa silidya malo."

Nasoko anaimirira pang'onopang'ono. Sanakuwe ayi.

"Ndiwotche mwamuna wanga? Mwamuona ngati mapesi? Amayi anu ndinawasambitsa ine, a Garbutt. Ndinawatseka maso ndi manja awa inu muli kumsika wa ng'ombe. Sindinafunse kuti bedi lawo lili mbali iti ya mwala. Mkaka umene mwamwa m'mudzi muno zaka zonsezi anakama ndani? Mwamuna wanga akagona pambali pa mwana wake, ndipo akagona wathunthu."

Wina anatsokomola. Garbutt anati khonsolo idzakhalanso pansi kuti iganizire, ndipo Nasoko anatuluka osatsanzika.

Kunyumba anachita monga anaphunzitsidwa kwawo. Anatsegula zitseko zonse ziwiri, chakumaso ndi chakuseri, n'kuziyedzeka ndi njerwa, pakuti pasiwa satseka chitseko. Anakankhira mipando kukhoma, anayala mphasa pabalaza, anawiritsa tiyi mu poto wamkulu n'kuthira m'makapu onse amene anali nawo, ena pabalaza, ena kukhitchini. Amalawi a m'mizinda yakutali anabwera Loweruka lina, anaimba, analira naye, koma ntchito za ku Ulaya sizidziwa maliro, Lamlungu madzulo onse anali atapita. Anatsala yekha pamphasa, atafunda bulangete, kudikira anansi.

Anansiwo anabwera, koma mwa njira yawo. Munthu ankayenda monyang'ama mpaka pakhomo, kuona chitseko chili pululu ndi mayi wamasiye atakhala pansi, n'kusiya kakadi ka chipepeso pasitepe, n'kubwerera liwiro ngati waba nkhuku. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondamo. Nasoko ankatola timakadito n'kutiponya pamoto osawerenga.

"Maliro n'kulirana," ankadziyankhulira. "Awa amalirana ndi mapepala."

Choyamba kusowa inali ndodo ya a Gama. Inali ya mlombwa, yochokera nayo kumudzi, yokhala ndi chitsulo kunsonga, ndipo kuyambira tsiku la imfa inali chiimire kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. M'mawa wina sinalipo. Nasoko anafunafuna pansi pa bedi, m'bafa, m'khumbi la nkhuni, akutukwana wakuba wopanda manyazi amene amaba pasiwa.

Kenako makapu. Amene anasiya pabalaza anali momwemo, tiyi atazizira. Koma a kukhitchini anawapeza opanda kanthu, atavundikiridwa bwinobwino patebulo. Anaganiza za mphaka wa kufamu, koma mphaka savundikira kapu. Anathiramonso tiyi, n'kunena mokweza kuti amene akumwayo akanakhala munthu woleredwa akanabwera pabalaza kudzapereka moni. M'mawa mwake makapu anali ovundikira kachiwiri, ndipo pansi pa khitchini panali ponyowa ngati pakolopedwa ndi madzi a dambo. Kunyowako kunalekezera pa mwala wakuda uja. Mbali ya pabalaza kunali gwaa.

Madzulo aliwonse, kamdima kakamayamba, kudambo kunkamveka phokoso. Phwa. Kenako chete. Phwa. Linkayambira kutali, kumunsi kwa mpanda wa zitsamba, n'kumabwera, n'kudzalekera chakuseri kwa nyumba. Khwangwala amene ankagona m'mitengo ya kumeneko anasamuka.

Tsiku lina m'mawa kunagwa chifunga choti munthu sungaone dzanja lako. Nasoko anatenga botolo kuti akatenge mkaka kufamu. Kanjira kake kamatsata mpanda wa zitsamba, umene ndiwo malire. Ali pakatikati anaona nsonga za ndodo zoyera zikuyenda mbali inayo ya mpanda, mondondozana, zikukwera n'kutsika. Mitu ya anthu sinkaoneka, ngakhale mpandawo unali wofika m'chifuwa basi. Panalibe kuyankhula, panalibe galu, panalibe phokoso la nsapato m'matope.

Iye anangoti ndi anthu a Garbutt akumuchita chipongwe, ndipo anawakalipira.

"Simunakhutire? Mwandikaniza manda, tsopano mukundizungulira ndi timitengo tanu? Lowani m'nyumba mukhuze maliro ngati anthu."

Ndodo zonse zinaima nthawi imodzi. Kenako, pang'onopang'ono, nsonga zake zinapendekera kwa iye. Zinakhala choncho kanthawi, n'kuwongokanso, n'kupitirira ulendo mpaka chifunga chinazimeza. Nasoko anamva tsitsi likuima pansi pa duku, koma mkwiyo unali wochuluka kuposa mantha, ndipo anapitirira kufamu akung'ung'udza.

Anapeza Dennis m'khola akutsuka mapaipi a makina okamira. Nasoko sanapereke ndi moni womwe.

"A Dennis, mukawauze a Garbutt kuti zibwana zawozo azisiye."

Atamufotokozera zimene anaona, Dennis anatseka mpopi n'kukhala pa ndowa.

"Mu Disembala palibe amakwapula malire, Mai Gama."

"Ndiye ndi ndani?"

Dennis anayang'ana nsapato zake. "Kalekale, munthu wachilendo akafera mu parishi, parishi ndiyo inkamuika ndi ndalama zake. Ndiye anthu sankafuna. Woyenda m'njira akadwala, kaya waganyu wokolola tirigu, kaya mtsikana wapakati amene kwawo amuthamangitsa, ankamukweza pa wilibala akadali ndi mpweya n'kukamutula kuseri kwa mwala. A tsidya linalo nawonso ankati si wathu. Dambo la kuseri kwanulo silinalimidwepo, ndipo si chifukwa cha minga."

"Ndiye anawaika kuti?"

"Sanawaike." Anapukuta manja pa ovololo yake. "Bambo anga ankati ife timakwapula chamkati. Pali ena amakwapula chakunja, kumvetsera pamene pafooka. Tsekani khomo lakuseri, Mai Gama. Chonde."

"Pasiwa satseka chitseko."

"Kuno si kwanu."

"Ndamva kale zimenezo ku holo," anatero Nasoko, n'kutenga mkaka wake.

Pobwerera sanaganize za mantha. Ankaganiza za wilibala. Ankaganiza za mtsikana wapakati akumutula m'minga kukuzizira, anthu n'kubwerera kwawo kukamwa tiyi, ndipo anazindikira kuti zimene Garbutt anamuuza mu holo si lamulo latsopano ayi, ndi wilibala yomweyo, angoipaka utoto. Atafika kunyumba anawonjezera njerwa ina pachitseko chakuseri, ndipo tiyi wa kukhitchini anathiramo shuga wambiri.

A kampani ya maliro anaimba foni kawiri, mwaulemu, kunena kuti sangausunge mtembo mpaka kalekale. Kenako tsiku lina chakumadzulo, dzuwa litangolowa, Garbutt anafika yekha. Anaima pasitepe, chipewa chili m'manja, osalowa.

"Khonsolo yakhalanso pansi, Mai Gama. Pepani. Sitingasinthe. Tikalola mmodzi, mawa abwera ena."

"Lowani mukhale pansi, a Garbutt. Muno muli maliro."

"Ayi, ndili pa changu."

"Mwamuna wanga ali mu firiji ngati nsomba, inu muli pa changu."

Garbutt anavala chipewa n'kutembenuka. Nasoko anamuyang'ana mpaka anazimiririka m'kanjira, kenako anabwerera pamphasa. Sanayatse magetsi. Anakhala mumdima wa madzulowo, ndipo anakwiyira onse: Garbutt, khonsolo, dziko la matope limeneli, ndi a Gama omwe amene anamubweretsa kuno n'kumusiya ndi mlandu wotere.

Phwa.

Linali pafupi kuposa masiku onse.

Phwa. Phwa.

Kenako linamveka pakhomo lakuseri, ndipo m'nyumba munalowa fungo la dothi lonyowa ndi masamba owola. Kuchokera pamene anakhala, Nasoko ankaona khomo la kukhitchini ndi mwala uja, chifukwa moto wa pabalaza unkawalira mpaka pamenepo. Kupitirira apo kunali bii. Koma mumdimamo munali modzaza. Munthu amadziwa chipinda chikadzaza, ngakhale onse atakhala chete. Anamva kapu ikukhudza tebulo, kenako ina. Nsonga ya ndodo yoyera inatulukira m'kuwala, inagunda mwala mopepuka, n'kubwerera. Ina inachita chimodzimodzi. Palibe imene inadumpha mwalawo.

Ndiye pakati pa kugunda kopepukako panamveka kwina. Go. Kukhwekhwereza kwa phazi. Go. Chitsulo pa simenti. Nasoko anamva phokoso limenelo zaka zambiri, kuchokera kuchipinda kupita kubafa, ndipo sakanalisokoneza ndi lina. Linadutsa pakati pa enawo mpaka linafika pa mwala n'kuima.

"A Gama," anatero m'Chichewa. "Ndinu? Mwaima kukhitchini ngati mlendo m'nyumba yanu yomwe? Ndakumenyerani nkhondo mpaka malovu auma, inu muli m'dambo kuyenda ndi anthu osawadziwa. Mwana wanu akudikira."

Moto unathetheka. Kenako, motsitsa kwambiri, ngati munthu wopanda mpweya wokwanira, panamveka liwu limodzi limene m'dera lonselo panalibe wina akanalinena.

"Odi."

Tsono apa mumvetse. Nasoko sanapusitsidwe. Ankadziwa bwino lomwe kuti a Gama sali okha, ndipo mawu a Dennis anali m'makutu mwake. Akanatha kutchula dzina limodzi n'kusiya enawo kunja. Koma anakumbukira timakadi tija pasitepe, ndi anthu amoyo amene anaona chitseko chotsegula n'kuthawa. Awa okha ndi amene anabwera pasiwa pake madzulo aliwonse, kumwa tiyi wake, n'kumuvundikirira makapu. Ndipo iye asankhe pakhomo kuti uyu wathu, uyu si wathu, monga a ku holo?

"Lowani," anatero. Kenako ananenanso m'Chingerezi, mokweza, kuti aliyense amve. "Lowani nonse. Pamaliro sathamangitsa munthu."

Anaweramitsa mutu, monga achitira mkazi akulu akamadutsa, ndipo zimene anaona ndi zapansi zokha. Nsonga ya chitsulo inadumpha mwala. Pambuyo pake panadza mapazi okulungidwa m'nsanza, nsapato zong'ambika za mtundu umene sanauonepo, mpendero wa siketi wolemera ndi matope, ndi timapazi topanda nsapato tikuthamangira kuti tisatsalire. Ankadutsa pambali pa mphasa yake mwakachetechete, ndipo aliyense podutsa ankachedwa pang'ono patsogolo pake, monga achitira anthu popepesa namfedwa. Moto unafooka mpaka kutsala makala. Ankadutsabe. Anatulukira khomo lakumaso n'kutsata kanjira kolowera m'mudzi, ndipo agalu a Sallowby anayamba kulira, nyumba ndi nyumba, mpaka kumanda. Alendowo atafika kumeneko, agalu onse anangoti zii.

Nasoko anadzuka, anatsuka makapu, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire a Gama anagona tulo.

Kutacha Garbutt anabwera wopanda chipewa, mabatani a jasi atamangidwa mophonya. Ulendo uno analowa mpaka pabalaza osaitanidwa.

"Mai Gama, tiyeni mukaone."

M'njira anthu anali ataima m'makomo mwawo osayankhula. Pasitepe ya nyumba iliyonse panali matope a dambo, ndipo pachitseko chilichonse panali mzere umodzi woyera, pamene ndodo inakwapula. Kumanda anapeza Dennis ataima pageti, akukana kulowa.

Mzere wa kumpanda, umene dzulo lake unali kapinga wosalala, unali mitumbira yokhayokha. Sinali yatsopano ayi. Inali yomera udzu ndi ndere, yotitimira pang'ono, ngati yakhala pamenepo chiyambire. Ina inali yaitali, ina yaifupi kwambiri, ndipo inali yothithikana kuyambira pakona mpaka pakona. Pa mtumbira uliwonse panali pozikidwa ndodo yoyera. Malo amodzi okha ndi amene anatsala osalala, kudzanja lamanja la manda a Tinyade, ndipo pakati pake panaima ndodo ya mlombwa.

"Aikeni pamenepo," anatero Garbutt. "Lero, mawa, tsiku lililonse limene mungafune. Palibe akuletseni." Kenako analoza chakumapeto kwa mzere, pambali pa mwala wolembedwa dzina la mkazi wake, pamene panali mtumbira wautali wa munthu wosadziwika. "Apo panali panga. Ndinamulonjeza mkazi wanga. Inu akumverani, Mai Gama. Auzeni abwerere."

Nasoko anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine sindithamangitsa munthu pamaliro, a Garbutt. Pitani mukawafunse nokha kumene kunali mabedi awo."

A Gama anaikidwa sabata yomweyo, athunthu, pambali pa mwana wawo. Mudzi wonse unabwera, ndipo aliyense ankayenda mosamala kuti asaponde mtumbira kapena kukhudza ndodo. Palibe amene anayerekeza kuzula ngakhale imodzi. Nasoko anaponya dothi lake, anauza a Gama kuti agone tsopano asiye kuyendayenda, n'kuuza Tinyade kuti bambo ake afika.

Anthu atabalalika m'pamene anayang'ana kudzanja lamanzere la mwanayo. Analiona kale tsiku loyamba lija, koma anakana kuliyang'anitsitsa. Panali mtumbira waung'ono, wa mwana wa msinkhu wa Tinyade, ndi kandodo kake kakafupi. Unagona mogundana ndi manda a mwana wake, pamalo pamene iye anadziikira mumtima zaka zonsezi.

Dennis anali ataima kumbuyo kwake. "Nanga inu, Mai Gama?" anafunsa. "Mudzagona pati?"

"Walira mvula walira matope," anayankha m'Chichewa, ndipo Dennis sanamve. Anawerama n'kuwongola kandodo kaja, kamene kanali katapendekeka, n'kumapita kwawo.

Anafika kamdima kakuyamba. Siwa inali itatha, ndiye anachotsa njerwa pachitseko chakumaso n'kutseka. Atapita kukatseka chakuseri anaima. Dambo linali phee. Khwangwala anali atabwerera m'mitengo, ndipo kunja konseko, kuyambira kumpanda mpaka kumene maso amalekeza, kunalibenso wina woyenda.

Pakhoma, pambali pa chitseko, panali patayedzekedwa ndodo imodzi ya msondodzi, yosendedwa kumene, ikadali yonyowa. Nasoko sanafune kuiyeza. Koma mkazi wa ku Ntcheu amadziwa ntchito ya ndodo yotere, ndipo dzanja linapita lokha. Anaiimika pansi pafupi ndi chidendene chake. Nsonga yake inalekezera paliwombo pake ndendende.

Anaitukwana. Anatukwana Garbutt ndi makolo ake, ndi amene anayamba kuika miyala pakati pa anthu. Koma sanaithyole. Analowa nayo kukhitchini n'kuima kuseri kwa mwala wakuda uja, akuyang'ana pabalaza pamene mphasa inali chiyalire ndi moto utazima. Anagunda mwalawo kamodzi ndi nsonga ya ndodo, mopepuka, kungofuna kumva mmene zidzamvekere.

"Odi," anatero.

Anadikira. Pabalaza panalibe munthu woti amuuze kuti lowani.